Kusandutsa pikapu yakale kuti izikoka ndi matayala onse anayi: ndondomeko ya ife a kuchigwa

Amene anayendapo pa makande a ku Ngabu mvula itangokata amadziwa zimene zimachitikira pikapu yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Dothi lakuda lija likanyowa limamata ngati ulimbo, mapanga a tayala amatsekeka, galimoto n'kumangolira malo amodzi ikudzikumbira dzenje. Yanga ndi Toyota Hilux LN85 ya injini ya dizilo yotchedwa 2L. Kwa zaka zambiri, kuyambira Disembala mpaka Malichi inkagwira ntchito pa tala wa M1 pokha, pomwe makasitomala anga, alimi a thonje ndi oweta mbuzi, amakhala kumidzi kutali ndi tala. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ataphwa, misewu ya kumidzi itasanduka makwawa, ndinaganiza zoisintha.

Zinatheka, ndipo ikuyendabe mpaka lero. Koma ndinene msanga mfundo imene ndikufuna muigwiritse: musagule zitsulo chimodzichimodzi, ichi ku Ndirande, icho ku Limbe, china kwa mnzanu wa ku Nchalo. Pezani galimoto imodzi yathunthu ya 4x4 (yokoka ndi matayala onse anayi) yomwe inachita ngozi kapena inafa injini, ya mtundu umodzi ndi m'badwo umodzi ndi yanu, ndipo zonse zichokere mmenemo.

Choyamba: dzifunseni ngati mukufunikadi 4x4

Ntchitoyi imadya ndalama, ndipo kawirikawiri mukawonkhetsa zonse mupeza kuti mwayandikira mtengo wa 4x4 yakale yoyenda kale. Ngati vuto lanu ndi kamtunda kamodzi koterera popita kwanu, matayala a mapanga akuluakulu kumbuyo ndi matumba angapo a mchenga m'bodi, pamwamba penipeni pa difu (chitsulo chopingasa chokhala ndi magiya ozungulitsa matayala), akhoza kukukwanirani. Kusintha kumakhala ndi phindu ngati injini yanu mukuidziwa ndipo ili bwino, cab ndi bodi sizinadyeke, mapepala ali m'dzina lanu, ndiponso misewu imene mumadyerapo ndi ya ku East Bank, ya ku Chapananga kapena ya kumapiri akumadzulo kwa Nsanje, kumene mchenga wa m'mitsinje ndi matope zimasinthana mtunda ulionse.

Nthawi yoyambira ndi Juni kapena Julayi, msika wa thonje ukutha, kuti pofika mvula yoyamba mukhale mutaiyesa kale. Mukayamba mu Okutobala, kutentha kwa kuno kudzakulolani kugwira chitsulo mmawa mokha, ndipo mudzaithamangitsa ntchito yosafuna changu.

Chachiwiri: gonani pansi pa galimoto yanu

Werengani mabauti a tayala. Hilux yakale yokoka kumbuyo kokha imakhala ndi mabauti 5, ndi yaifupi, ndipo difu yake yakumbuyo imakhala pamwamba pa masipuling'i. Ya 4x4 ili ndi mabauti 6, ndipo masipuling'i ndi amene amakhala pamwamba pa difu, n'chifukwa chake imakhala yaitali. Ma chassis a ziwirizi ndi osiyana, makamaka kutsogolo. Palinso mapikapu ena, ambiri ochokera ku South Africa, okoka kumbuyo kokha koma aatali komanso a mabauti 6. Ngati yanu ndi yotere mwachita mwayi, chifukwa chassis yake imafanana kwambiri ndi ya 4x4 ndipo zowotcherera zimachepa.

Tengani hamala yaing'ono, mugogode chassis kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimangoti phu. Galimoto zambiri za kuchigwa kuno zinamirapo, kaya mu 2015, kaya nthawi ya namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023, ndipo matope amene analowa mkati mwa chassis amasunga chinyezi n'kumadya chitsulo chamkati pomwe kunja penti ikuwala. Onetsetsani pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo ndi pansi pa cab. Pakaboola hamala, musapitirize ndi chassis imeneyo.

Chachitatu: mapepala

Musanadule kalikonse, pitani ku Road Traffic ku Blantyre ndi blue book, mufotokoze zimene mukufuna kuchita, akuuzeni zofunika kuti galimoto idzalandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikadzatha. Auzeninso a inshuwalansi. Nambala imene boma limadziwira galimoto inadindidwa pa chassis, choncho osaidula, osaiwotcherera, osaipala. Ndipo galimoto yochotsako zitsulo ikhale ndi mapepala ake ndi kalata yogulitsirana. Yopanda mapepala isiyeni ngakhale itchipe bwanji.

Chachinayi: kusankha galimoto yochotsako zitsulo

Kwa LN85, m'bale wake ndi LN106, Hilux ya 4x4 ya m'badwo wa 1988 mpaka 1997, ya injini ya 3L, yomwe kutsogolo ili ndi difu yathunthu pa masipuling'i ngati kumbuyo. Imeneyi ndiyo ndimalimbikitsa kuno. Ilibe mikono yambirimbiri ndi timabushi toti matope n'kudya, ndipo makaniko aliyense wa pa Bangula kapena pa Dyeratu amaidziwa. Ma 4x4 amene tayala lililonse lakutsogolo limadziyendera palokha amakoma kukwera, koma kusamutsira zomangira zake pa chassis ina ndi ntchito yovuta kuilondola pagalaja ya kumudzi. A Nissan Hardbody, Isuzu KB ndi Mazda, lamulo lake ndi lomweli: mtundu umodzi, m'badwo umodzi, ndipo ngati yanu ndi ya dizilo, inayo ikhalenso ya dizilo.

Mukaipeza, yang'anani kaye chassis yake. Ikakhala yowongoka, yosadyeka, yautali wofanana ndi yanu, njira yachidule komanso yolimba ndi kunyamula injini, cab ndi bodi zanu n'kuzikhazika pa chassis imeneyo. Palibe kudula, ndipo zonse zimakhala pomwe fakitale inaziika. Kumbukirani chabe kuti pamenepo nambala ya chassis yasintha, ndiye nkhani ya mapepala ija ikhale itamveka kale. Ine sindinathe kutero chifukwa imene ndinapeza inagubuduzika ndipo chassis inapindika pakati. Zotsatirazi ndi za njira yachiwiri, yosamutsira zitsulo pa chassis yanu.

Itengeni yonse pa lole, ifike pagalaja ili yathunthu. Mudzachotsamo difu yakutsogolo ndi mahabu ake, masipuling'i onse ndi zomangira zake, bokosi la chiwongolero ndi mikono yake, giyabokosi pamodzi ndi transfer (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi ndodo zake ziwiri, chitsulo chopingasa chomwe giyabokosi imakhalapo, ma propshaft awiri (mipini yozungulira yopititsa mphamvu ku madifu), difu yakumbuyo, sampu ndi kapaipi kake koyamwa oyilo, master ya mabuleki, chingwe cha handibuleki, chingwe cha sipidomita, marimu, ngakhale mabauti. Tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi timene timaimitsa ntchito sabata zitatu mukamagula paderapadera.

Chachisanu: madifu awiri agwirizane

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinapwetekeka. Mwa magiya a mkati mwa difu, ofunika apa ndi awiri, laling'ono lozungulitsidwa ndi propshaft ndi lalikulu lozungulitsa matayala. Mukagawa mano a lalikulu ndi a laling'ono mumapeza nambala ya difu. Mano 41 ndi 9 amapereka 4.56, 43 ndi 10 amapereka 4.30, 41 ndi 10 amapereka 4.10, 39 ndi 8 amapereka 4.88. Transfer ya mapikapu awa ikalowa mu 4x4 imamanga ma propshaft onse awiri kuti azizungulira mofanana ndendende. Nambala zikasiyana, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amayamba kulimbana.

Galimoto imene ndinagula inali itachotsedwa kale difu yakumbuyo, ndipo wogulitsa anandipatsa ina, akulumbira kuti ndi yofanana. Kunja inali yofananadi. Tinamanga osawerenga. M'matope sizinaoneke chifukwa matayala ankaterereka n'kumasula mphamvuyo. Tsiku lina nditatuluka mumchenga wa mtsinje n'kukwera pa msewu wouma wa miyala, galimoto inalemera ngati ndamanga handibuleki, ndodo ya transfer inakana kubwerera, ndipo nditatsika ndinapeza transfer ikuotcha moti sindikanaigwira ndi dzanja. Titamasula, kutsogolo kunali 4.56, kumbuyo 4.30. Tanthauzo lake, pa mamita 100 alionse amene akumbuyo ankafuna kuyenda, akutsogolo ankafuna 94 okha. Mamita 6 otsalawo ankalipiridwa ndi matayala ndi mano a magiya.

Kuyeza n'kosavuta. Tsekerani matayala ndi miyala, ikani giya pa fili (neutral), kwezani tayala limodzi lokha, linalo likhale pansi. Lembani choko pa tayala ndi pa propshaft. Wina azungulitse tayala ka 20, inu mukuwerenga propshaft. Ikazungulira ka 45 ndi theka ndi 4.56, ka 43 ndi 4.30, ka 41 ndi 4.10. Kutsogolo chitani chimodzimodzi mahabu ali pa LOCK, pomwe amalumikiza matayala ku difu. Pa Toyota, kachitsulo ka manambala ka m'chipinda cha injini kamalembanso: G252 ndi 4.56, G282 ndi 4.30, G292 ndi 4.10. Koma galimoto ya zaka 30 yadutsa m'manja ambiri, ndiye khulupirirani choko kuposa kachitsuloko. Poti madifu ali pansi kale, atulutseni muwerenge mano ndi maso, muonenso ngati sanabenthuke.

Matayala nawonso akhale a saizi imodzi onse anayi, odyeka mofanana.

Chachisanu ndi chimodzi: kuphwasula

Pezani simenti yosalala, osati pansi pa mtengo wa nimu pomwe jeke amamira. Chassis ikhale pa zitsulo zoimikira zolimba zinayi kapena kuposa, yoyezedwa ndi levulo mbali zonse. Njerwa ndi zidina zosanjikiza zapha anthu. Musagone pansi pa galimoto yokhala pa zimenezo. Chotsani batire, chotsani thanki ya mafuta ndi mapaipi ake muziike kutali ndi moto. Jambulani ndi foni chilichonse musanamasule, pa galimoto zonse ziwiri, ndipo mabauti a chinthu chilichonse alowe m'jumbo yakeyake yolembedwa.

Musanamasule galimoto inayo, yezani ndi kulemba m'kope: kuchokera pakati pa difu yakutsogolo kufika pakati pa yakumbuyo, kutalikirana kwa masipuling'i awiri akutsogolo, kuchokera pa bauti lakutsogolo la sipuling'i kufika pa lakumbuyo, ndi pomwe bokosi la chiwongolero lakhala. Kope limeneli ndilo pulani yanu.

Chachisanu ndi chiwiri: kumanga kutsogolo

Iyi ndiyo ntchito imene moyo wa anthu okwera udzadalire. Wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ngakhale waluso, si wa ntchito iyi. Funani amene anazolowera zitsulo zonyamula katundu, monga ngolo za nzimbe ndi mathirakitala. Ku Nchalo anthu otere alipo. Ndodo zowotcherera zikhale za 7018, zosungidwa pouma, ndipo magetsi akhale amphamvu, osati kajenereta kotsokomola.

Chotsani mikono yakale yakutsogolo, dulani zomangira zake ndi grinder mosadya chassis, salazani. Zomangira masipuling'i za galimoto inayo zidulidwe mosamala kuti zigwiritsidwe ntchito kapena zikhale chitsanzo. Mangani masipuling'i pa difu, kankhirani zonse pansi pa galimoto, muziike pa miyezo ya m'kope muja. Kenako ingodonthezani moto pang'onopang'ono kuti zigwire, musawotcherere zonse.

Tsopano yezani. Kuchokera pakati pa habu yakutsogolo kufika pa yakumbuyo, kumanja ndi kumanzere kufanane. Yezaninso mopingasa, kuchokera kutsogolo kumanja kufika kumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Zikasiyana ndi theka la sentimita, dulani madontho aja muyambirenso. Galimoto yomangidwa mokhota imayenda chammbali ngati nkhanu ndipo imadya matayala mwezi ndi mwezi. Onaninso kupendekeka kwa difu: mitu yake yokhotera iyenera kutsamira pang'ono chakumbuyo monga inalili pa galimoto inayo. Kutsamira kumeneko ndi kumene kumabweza chiwongolero pakati mukatha kukhota, ndipo kukasowa galimoto imayendayenda yokha pamsewu.

Tsitsirani kulemera kwa injini pa masipuling'i, muone ngati shackle, kachitsulo kosewera kolumikiza mapeto a sipuling'i ku chassis, yakhala mopendekeka pang'ono ndi mpata woti isewere. Zonse zikakhala bwino, wotchererani mosinthanasinthana mbali kuti kutentha kusakoke chassis. Musadutsitse mzere wa moto molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa chassis, chifukwa mng'alu umadzayambira pomwepo. Ikani zigamba zachitsulo zosongoka kumapeto kuti mphamvu imwazike.

Bokosi la chiwongolero limakankha chassis mwamphamvu nthawi iliyonse tayala likagwidwa m'matope. Pomwe mabauti ake akudutsa ikani timapaipi tachitsulo mkati mwa chassis kuti isafinyike, ndi chigamba kunja. Mikono ya chiwongolero isadulidwe, isawotchereredwe, isapindidwe ndi moto. Ikapanda kufika, ndiye kuti bokosi kapena difu sizili pamalo pake, konzani zimenezo.

Difu ikadali poyera, sinthani ma oil seal a mkati ndi zopukutira za pa mipira yokhotera, tsukani ma CV (mfundo za mkati mwa mipirayo) muike girisi watsopano, sinthani mabering'i. Mukaona phala la girisi wosakanikirana ndi oyilo likutuluka pa mpira, seal yamkati inatha kale.

Chachisanu ndi chitatu: giyabokosi, transfer ndi sampu

Giyabokosi yanu yakale ili ndi mchira wautali ndipo transfer singamangikepo. Imachoka yonse, n'kulowa ya 4x4. Injini za 2L, 3L ndi 5L ndi za banja limodzi, ndiye kumaso kwa giyabokosi kumagwirizana. Poti mwatsegula kale, ikani klatchi yatsopano ndi bering'i yake. Kudzatsitsanso giyabokosi yokhala ndi transfer chifukwa cha klatchi ndi ntchito ya tsiku lonse.

Kwezani giyabokosi ndi jeke mpaka injini ikhale mmene inkakhalira, fani isakhudze radiator, kenako ikani chitsulo chopingasa chija. Boolani pansi pa cab pa ndodo yachiwiri, mutsekepo ndi labala wake, apo ayi fumbi la Seputembala lidzakumalizani. Chingwe cha sipidomita tsopano chimalowa ku transfer. Ekizozi ingafune kukhotetsedwa kuti ipatse njira propshaft yakutsogolo.

Sampu anthu amaiiwala. Difu yakutsogolo imakwera ndi kutsika pansi penipeni pa injini, ndipo sampu yakale ikhoza kumenyedwa pa bampu yoyamba mutanyamula katundu. Ikani ya 4x4 ndi kapaipi kake ndi ndodo yake yoyezera oyilo.

Chachisanu ndi chinayi: kumbuyo ndi mabuleki

Difu yakumbuyo ilowe ndi masipuling'i ake kuti msinkhu ufanane ndi kutsogolo. Ma U-bolt gulani atsopano. Propshaft ikafuna kufupikitsidwa kapena kutalikitsidwa, ipite kwa a lathe ku Blantyre, isadulidwe ndi sowo pagalaja. Yopindika pang'ono imanjenjemeretsa galimoto yonse n'kudya mabering'i a transfer. Mitanda ya kumapeto kwake iyang'ane mbali imodzi, ndipo polowana pakhale mpata woti italike ndi kufupika.

Mabuleki atengedwe onse ku galimoto imodzi: master, ma caliper, ma drum. Mapaipi alabala akhale atsopano ndi aatali mokwanira. Kwezani chassis mpaka madifu alendewere, khotetsani chiwongolero mbali zonse, muone kuti palibe paipi yokokeka. Kumbuyo kuli kavalavu kokhala ndi ndodo yopita pa difu, komwe kamachepetsa mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu. Ambiri amakadula. Kasiyeni, kalumikizeni bwino. Amene anatsikapo zitunda za Chikwawa kuchokera ku Blantyre kukafika pa Thabwa, mvula ikuwaza, sangafunse chifukwa chake.

Chakhumi: itetezeni ku madzi

Difu iliyonse, giyabokosi ndi transfer zili ndi kabowo kopumira pamwamba. Chitsulo chotentha chikalowa m'madzi chimazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera pamenepo kapena pa ma seal. Lumikizani timapaipi pa mabowo amenewa, tikwere mpaka m'chipinda cha injini pamwamba, kumapeto muike kasefa kakang'ono ka petulo. Ndi ntchito ya ola limodzi. M'madifu thirani oyilo wa magiya wa GL-5, 80W-90. Mukawoloka madzi ofika pa mahabu, mawa lake masulani bauti muone: oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, musintheni tsiku lomwelo. Onaninso pomwe injini ikukokera mpweya. Injini ya dizilo ikamwa madzi ngakhale kapu imodzi imapinda ma conrod, mikono ya mapisitoni.

Kuyesa

Yambani galimoto ili pa zoimikira, matayala onse m'mwamba. Mahabu pa LOCK, ndodo ya transfer pa H4 (4x4 ya liwiro wamba), giya yoyamba: onse anayi ayende popanda kugogoda. Imani, pondani klatchi, lowetsani L4 (4x4 yoyenda pang'onopang'ono). Pa transfer ya magiya ya Hilux zakalezi, L4 imachepetsa liwiro ka 2.28, ndipo mphamvu yokoka imakwera momwemo. Tsitsani, muyende pang'onopang'ono pabwalo la dothi, muyese mabuleki kangapo musanatulukire kumene kuli anthu ndi njinga.

Kenako ipite ku alignment, ndipo pambuyo pake ku Road Traffic. Mukayenda makilomita 100 oyamba, mangitsaninso ma U-bolt, mabauti a matayala, a ma propshaft ndi a bokosi la chiwongolero, ndipo yang'anani mowotcherera monse ndi tochi ngati mwayamba mng'alu.

Pa tala yendani pa H2 (kukoka kumbuyo kokha), mahabu pa FREE, nthawi zonse. Ngakhale madifu agwirizane, pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo pa tala palibe poterereka. Ndodo ikakana kutuluka mu 4x4, bwererani m'mbuyo mamita angapo molunjika, imasuka. Kamodzi pamwezi, ngakhale m'chilimwe, tsekani mahabu muyende pang'ono kuti oyilo azungulire kutsogolo. Ndipo muzitseka musanalowe m'matope, nsapato zikadali zouma.

Galimoto yanu tsopano ndi yaitali kuposa kale. Mabelo a thonje osanjikizidwa kupitirira cab adzaipendeketsa pakona msanga kuposa mmene munazolowerera, ndiye katundu wolemera azikhala pansi, liwiro lichepe. Pa mitsinje ngati Mwanza ndi Lalanje, yomwe imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumapiri kuno kuli dzuwa, tsikani kaye mufunse anthu a pamenepo. Madzi akakhala othamanga ndipo akufika m'mawondo, zimitsani injini mudikire aphwe.